Mlatho wa ku Leverkusen: momwe chitsulo chimatopera mlatho uli chiimire

Nkhani za milatho ya ku Germany zakhala zikudabwitsa anthu ambiri. Dziko lomwe timalidziwa ndi Mercedes-Benz, BMW ndi makina osafa msanga ndi lomwelonso lomwe zaka zapitazi lakhala likutseka milatho ya m'misewu yake ikuluikulu, ina n'kuchita kuiphulitsa. Mu Sepitembala 2024 mbali ina ya mlatho wa Carola mumzinda wa Dresden inagwera mumtsinje wa Elbe pakati pa usiku, sitima yoyenda m'misewu ya mumzindamo itangodutsapo kumene. Mwamwayi panalibe amene anavulala. Munthu akamva zotere, mafunso amabwera okha. Kodi anamanga mwachinyengo? Kodi ndalama zokonzera zinalowa m'matumba mwa anthu? Nanga mainjiniya otchuka aja anali kuti?

Mayankho ake amaoneka bwino tikatsata mlatho umodzi kuyambira pachiyambi. Wosavuta kuutsata ndi wa ku Leverkusen, womwe umaolotsa msewu wa A1 pamtsinje wa Rhine, pakati pa mzinda wa Leverkusen ndi dera la Merkenich kumpoto kwa mzinda wa Cologne. Okonda mpira akuudziwa mzindawu chifukwa cha timu ya Bayer Leverkusen, yomwe inatenga ligi ya Bundesliga mu 2024 osagonjako ngakhale kamodzi. Bwalo lawo la BayArena lili m'mphepete mwa msewu womwewu, mtunda wochepa kuchokera kumtsinje.

Mlatho umenewu sunagwe. Sunakokoloke ndi madzi, sunagundidwe ndi sitima, sunapse. Woudutsa pagalimoto sakanaona cholakwika chilichonse. Koma kwa zaka pafupifupi 10 lole iliyonse yolemera kuposa matani 3.5 inkaletsedwa kupondapo, ndipo pamapeto pake boma linaona kuti palibenso chokonza, n'kumanga wina pambali pake.

Msewu ndi mtsinje

A1 ndi umodzi mwa misewu ikuluikulu ya ku Germany yotchedwa Autobahn. Autobahn ndi msewu wa magalimoto okhaokha. Ulibe mphambano, ulibe maloboti, ndipo magalimoto opita amalekanitsidwa ndi obwera. Woyamba wa mtundu wotere m'derali unatsegulidwa mu 1932 pakati pa Cologne ndi Bonn, ndipo anautsegula ndi Konrad Adenauer, yemwe panthawiyo anali meya wa Cologne. Lero misewu imeneyi yakwana makilomita pafupifupi 13,000. Imatchuka chifukwa m'zigawo zina galimoto zing'onozing'ono zilibe malire a liwiro, koma pankhani ya milatho liwirolo si nkhani yaikulu. Nkhani ili pa katundu: pafupifupi magawo 70 pa 100 a katundu woyenda m'dzikomo amayenda pamalole.

A1 imachokera kumpoto, kugombe la nyanja ya Baltic, n'kudutsa ku Hamburg, Bremen ndi Dortmund isanafike ku Cologne. Pa Leverkusen imakhalanso mbali ya msewu wozungulira mzinda wa Cologne. Tsidya lina la mtsinje kuli mafakitale a mankhwala omwe anayambitsidwa ndi kampani ya Bayer, tsidya linalo kuli fakitale ya galimoto ya Ford. Malole ochokera kumadoko a Rotterdam ndi Antwerp amadutsanso m'dera lomweli.

Rhine nayenso ndi msewu payekha. Sitima zonyamula malasha, mafuta, mankhwala ndi makontena zimayenda mmenemo usana ndi usiku kuchokera ku Rotterdam mpaka ku Basel, m'dziko la Switzerland. N'chifukwa chake womanga mlatho sangadzaze mizati m'madzi mmene angafunire. Pa Leverkusen mpata wapakati, womwe sitima zimadutsamo, ndi wa mamita 280 opanda mzati ngakhale umodzi. Mlatho wonse umapitirira pang'ono kilomita imodzi, chifukwa umadutsanso pamwamba pa dambo lomwe madzi amasefukiramo mtsinje ukadzadza.

Mlatho wogwiridwa ndi zingwe

Kuti mlatho udumphe mamita 280 popanda chouchirikiza pansi, uyenera kugwiridwa kuchokera kumwamba. Amamanga nsanja zazitali, ndipo zingwe zachitsulo zimachoka pamwamba pa nsanjazo n'kutsika mopendekeka kukagwira msana wa mlatho. Zimenezi n'zosiyana ndi milatho ngati Golden Gate wa ku San Francisco, pomwe chingwe chachikulu chimalendewera kuchoka pansanja ina kufika pa inzake ndipo tizingwe ting'onoting'ono timatsika chilili. Pamlatho ngati wa Leverkusen chingwe chilichonse chimakoka molunjika kuchoka pamsewu kufika pansanja.

Kamangidwe kameneka kanakulira pamtsinje womwewu, ndipo kanabadwa ndi umphawi. Pofika kumapeto kwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mu 1945, milatho yambiri ya pa Rhine inali itagumulidwa. Yofunika kumanga inali yambiri, chitsulo chinali chosowa. Mainjiniya anafunafuna njira yoolotsera msewu ndi chitsulo chochepa. Mu 1957 ku Düsseldorf kunatsegulidwa mlatho waukulu wa zingwe zopendekeka, mu 1959 ku Cologne kunatsegulidwa wa Severin, ndipo wa Leverkusen unatsatira mu Julayi 1965. Panthawiyo inali milatho yonyaditsa, ndipo maiko ena ankabwera kudzaphunzira.

Pansi pa phula la mlatho wotere mulibe konkire yochindikala. Muli chitsulo chopyapyala, chopitirira pang'ono sentimita imodzi, ndipo kunsi kwake amawotchererako nthiti zachitsulo, zina zoyenda m'litali, zina zopingasa. Mukalowa kunsi, mumapeza bokosi lalitali lachitsulo lomwe munthu amayendamo choimirira, ndipo kulikonse komwe mwayang'ana kuli mizere ya zowotcherera, makilomita ndi makilomita. Kupepuka kwa mlatho kunachokera pamenepo. Kufooka kwake kunadzachokeranso pomwepo.

Pali chinthu china chomwe chinkaoneka chaching'ono mu 1965 koma chinadzavuta kwambiri. Magalimoto opita ndi obwera onse ankayenda pathupi limodzi la mlatho, nsanja ndi zingwe zili pakati. Mlatho wotere simungaugwetse theka n'kumayendetsa magalimoto pa theka linalo. Ukadwala, wadwala wonse.

Kutopa kwa chitsulo

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndiye tiyeni tidekhe.

Ambiri amaganiza kuti chitsulo chimathyoka pokhapokha chikasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake. Imeneyo ndi njira imodzi chabe. Ilipo ina yomwe aliyense amene anaumbapo galimoto ya mawaya ali mwana akuidziwa. Ukafuna kudula waya ulibe pulayazi, sumukoka ayi, chifukwa ngakhale mutamukoka anthu anayi saduka. Umamupinda uku, kumubweza uko, kumupindanso, pamalo amodzimodzi. Ulendo uliwonse mphamvu yomwe wagwiritsa ntchito ndi yochepa, koma pakapita kanthawi wayayo amaduka yekha. Chomwe chamudula si kukula kwa mphamvu koma kubwerezabwereza.

Mlatho wachitsulo umapindika pang'ono nthawi iliyonse tayala lolemera likadutsa, n'kubwerera m'malo mwake. Kupindikako n'kochepa kwambiri moti maso sangakuone. Koma pamalo pomwe zitsulo ziwiri zinalumikizidwa ndi moto, kapena pomwe pali ngodya yakuthwa, mphamvu imaunjikana. Pamenepo pamayamba kamng'alu kochepa kuposa tsitsi. Lole iliyonse yodutsa imakatsegula n'kukatseka, ndipo kamakula pang'onopang'ono. Kakafika pamlingo wina, chitsulo chotsalacho sichingathenso kunyamula, ndipo chimang'ambika mwadzidzidzi. Zimenezi ndi zomwe mainjiniya amati kutopa kwa chitsulo.

Si nzeru yatsopano. Munthu amene anaifufuza mwadongosolo koyamba anali wa ku Germany konko, August Wöhler, injiniya wa njanji m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860. Ma ekiselo a sitima, zitsulo zolumikiza mawilo a mbali ziwiri, ankathyoka ali paulendo ngakhale sanasenzetsedwe mopyola muyeso. Wöhler anapanga makina ozungulitsa ndi kupinda zitsulo maulendo ochuluka zedi, n'kumawerenga kuti chitsulo chathyoka pa ulendo wachingati. Anapeza kuti kupinda kukakhala kwakukulu, chitsulo chimapirira maulendo ochepa. Kukakhala kochepa, chimapirira ambiri. Mpaka lero mainjiniya amagwiritsa ntchito mzere wa pagrafu womwe umatchedwa dzina lake.

Ndiye n'chifukwa chiyani omanga a mu 1965 sanachenjere? Kutopa kwa chitsulo kunkaganiziridwa kwambiri pamilatho ya njanji ndi pamakina. Pamilatho ya msewu, mawerengero a nthawiyo ankafunsa makamaka funso limodzi: kodi mlathowu ungapirire utadzadza ndi magalimoto olemera nthawi imodzi? Funso lachiwiri, loti ungapirire ma ekiselo angati pazaka 50, silinkapatsidwa kulemera komwe limapatsidwa lero. Nthiti zowotcherera zija zinalinso zatsopano, ndipo panalibe mlatho wakale wa mtundu umenewo woti aonerepo momwe umakalambira. Chitsulo cha nthawi imeneyonso sichinali choyera m'kati ngati cha masiku ano. Kuwaweruza ndi zomwe tikudziwa lero n'kosavuta, koma iwo anawerengera malole omwe ankawaona pamsewu.

Choipa cha mng'alu wotere n'chakuti kuuwotcherera sikubweza chitsulo ku utsikana wake. Malo okonzedwawo amalimba, mphamvu n'kusamukira pambali, ndipo pamenepo chitsulocho chinatopa kale chimodzimodzi. Ku Leverkusen owotcherera anakhala m'bokosi lija zaka zambiri, akutseka mng'alu uwu, wina ukutulukira uko. Ming'alu ina inadzapezeka pafupi ndi pomwe zingwe zimagwirira msana wa mlatho, malo omwe mlatho wonse umadalira.

Ndani amatopetsa mlatho?

Mlathowu unakonzedwera magalimoto pafupifupi 40,000 patsiku, pamizere iwiri mbali iliyonse ndi malo oimapo galimoto ikawonongeka. Pofika zaka za m'ma 2010 unkanyamula magalimoto oposa 120,000 patsiku, mwa iwo malole pafupifupi 14,000. Pofuna kuchepetsa mizere yaitali ya magalimoto, akuluakulu a misewu anasandutsa malo oimapo aja kukhala mzere wachitatu. Zotsatira zake, malole, omwe amayenda mzere wakunja, anayamba kuponda m'mphepete mwenimweni mwa mlatho, kutali ndi zingwe zapakati, pamalo pomwe omanga ankayembekezera galimoto yofa imodziimodzi basi.

Malolewo analemeranso. Lamulo linkalola matani 38 kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Lero limalola matani 40, ndi 44 kwa lole yomwe ikupititsa kontena kusitima. Kusiyana kwa manambalawa kukuoneka kochepa, koma malole ofika pamlingo umenewo ndiwo anachuluka kwambiri. Khoma la Berlin litagwa mu 1989, ndiponso maiko a kum'mawa monga Poland atalowa mu European Union mu 2004, Germany inasanduka mphambano ya katundu wa ku Ulaya konse. Wokonza mapulani mu 1960 sakanalota zimenezi.

Galimoto yaing'ono pankhaniyi ndi mlendo chabe. Kafukufuku wotchuka yemwe anachitika ku Illinois, m'dziko la America, kuyambira 1958 mpaka 1960, anasonyeza kuti kuwonongeka kwa msewu sikukwera mofanana ndi kulemera kwa ekiselo. Ekiselo ikalemera kawiri, imawononga pafupifupi ka 16. Ikalemera ka 10, imawononga ka 10,000. Mawerengero amenewo ndi a phula. Pazitsulo zowotcherera nambala yake imatsikako, kulemera kawiri kumafupikitsa moyo wa chitsulo pafupifupi ka 8, koma mfundo ndi yomweyo. Ekiselo ya galimoto yaing'ono sifika tani imodzi. Ya lole imafika matani 10 kapena kupitirirapo. N'chifukwa chake boma linatha kusiya magalimoto ang'onoang'ono zikwizikwi akudutsa pamlathowo n'kuletsa malole okha. Ndi chifukwa chomwechonso chomwe maiko ambiri, kuphatikizapo athu kuno, amaikira masikelo a malole m'misewu ikuluikulu, ndipo amayeza ekiselo iliyonse payokha.

Kuyendera milatho, ndi mpiringidzo

Germany ili ndi lamulo la kayenderedwe ka milatho lotchedwa DIN 1076. Zaka 6 zilizonse mlatho umayenderedwa mozama, woyendera akufika pafupi moti angathe kukhudza chitsulo chilichonse ndi dzanja, akugogoda ndi hamala, ndipo pomwe akukayikira amapima ndi makina. Pakati pa zaka zimenezo pamakhala kuyendera kwina kopepukirako. Mlatho umapatsidwa malikisi kuyambira 1.0, womwe uli bwino kwambiri, mpaka 4.0, womwe uli pamavuto.

Ndi kuyendera kotereku komwe kunapeza ming'alu ku Leverkusen. Kumapeto kwa Novembala 2012 mlathowu unatsekedwa kwa magalimoto oposa matani 3.5. Atakonza, unatsegulidwanso mu Malichi 2013. Mu Juni 2014 ming'alu yatsopano itapezeka, chiletso chinabwerera, ndipo ulendo uno sichinachokenso. Liwiro linatsitsidwa kufika makilomita 60 pa ola.

Zikwangwani zokha sizinathandize. Tsiku lililonse madalaivala ena ankadutsabe, ena chifukwa makina owalondolera njira anawatsogolera kumeneko, ena chifukwa kuzungulira kunali kowawa kuposa chindapusa. Wotsatira lamulo ankayenera kukaolokera ku Rodenkirchen, kumwera kwa Cologne, kapena ku Düsseldorf, ndipo milatho ya kumenekonso si yatsopano. Apa pali chinthu chomwe chimaiwalika kawirikawiri: kutseka mlatho umodzi sikuchotsa malole pamsewu, kumangowakankhira pamlatho wina wa msinkhu womwewo.

Mu 2016 anaika mipiringidzo mbali zonse zolowera pamlatho. Msewu unkachepa n'kukhala tinjira topapatiza. Makina ankapima kulemera ndi kukula kwa galimoto ikuyenda. Ikapezeka kuti yapyola, nyali yofiira inkayaka, mpiringidzo n'kutsika, magalimoto onse a m'mbuyo n'kuima, ndipo lole ija inkalondoleredwa kunjira yotulukira pambali. Msewu womwe unamangidwa kuti galimoto isaime paliponse unakhala ndi chipata ngati cha pafamu.

Zimenezi zikhoza kuonedwa mbali ziwiri. Ena amati ndi chizindikiro cha kulephera, kuti dziko lolemera chonchi linafika poika mpiringidzo pamsewu wake waukulu. Ena amati ndi umboni wakuti dongosolo loyendera limagwira ntchito, ndipo amaloza ku Genoa, m'dziko la Italy, komwe mlatho wa Morandi, womangidwanso m'zaka za m'ma 1960, unagwa pa 14 Ogasiti 2018 n'kupha anthu 43. Zonse ziwirizi n'zoona.

N'chifukwa chiyani watsopano unachedwa?

Kuchoka pa chiletso choyamba cha mu 2012 kufika potsegulira mlatho watsopano pa 4 Febuluwale 2024 panapita zaka zoposa 11. Wakale uja anaumanga m'zaka zochepa chabe. Zifukwa za kuchedwaku n'zingapo, ndipo sizofanana kulemera.

Choyamba ndi chilolezo. Ku Germany ntchito yaikulu ngati imeneyi imadutsa m'ndondomeko yomwe mapulani amaikidwa poyera, anthu okhudzidwa n'kupereka madandaulo awo, ndipo osakhutira ali ndi ufulu wopita kukhothi. Pofuna kufulumizitsa, nyumba ya malamulo inasintha lamulo kuti milandu yokhudza mlathowu ipite molunjika kukhothi lalikulu loona za kayendetsedwe ka boma ku Leipzig, osayambira m'makhothi ang'onoang'ono. Chilolezo chinatuluka kumapeto kwa 2016, khothilo linakana madandaulo mu Okutobala 2017, ndipo ntchito inayamba mu Disembala chaka chomwecho. Pamuyeso wa kumeneko, kumeneku kunali kuthamanga.

Odandaulawo sankangokangana ndi mphepo. Tsidya la Leverkusen, msewu umadutsa pamalo otchedwa Dhünnaue, dzala lakale lomwe kwa zaka zambiri, mpaka m'ma 1960, munkatayidwa zinyalala za mumzinda pamodzi ndi zotsalira za m'mafakitale a mankhwala. Dzalalo linadzaphimbidwa ndi kutsekedwa kuti poizoni asatuluke, ndipo pamwamba pa mbali ina anapangapo paki yotchedwa Neuland-Park, pomwe mabanja amakapumulako lero. Kuti maziko a msewu watsopano akhazikike, panafunika kuboola chivindikiro chimenecho. Anthu ena a mumzindawo ankaopa, ndipo ankafuna kuti m'malo mwa mlatho waukulu akumbe msewu wapansi pa mtsinje. Boma linati zimenezo zitenga nthawi yaitali ndi ndalama zambiri pomwe mlatho wakale sungadikire. Pokumba m'dzalamo anachita kumanga zimatenti zotsekedwa zosefa mpweya, dothi loipalo n'kumalinyamula m'makontena otseka.

Kenako kunabwera vuto la kontirakitala. Ntchito ya ndalama zoposa mayuro 360 miliyoni inapatsidwa kwa kampani ya Porr ya ku Austria, yomwe inakapangitsa zitsulo zikuluzikulu za mlathowo ku China. Zitsulo zitayamba kufika ku Ulaya, bungwe la misewu la chigawo cha North Rhine-Westphalia linati zili ndi zolakwika zambiri, makamaka m'zowotcherera, zomwe sizingakonzeke mokhutiritsa. Kampaniyo inakana, ikunena kuti zolakwikazo zinali zotheka kukonza. Mu Epulo 2020 mgwirizano unathetsedwa, nkhani n'kupita kukhothi. Ntchito inalengezedwanso, ndipo mu 2021 inatengedwa ndi gulu la makampani lomwe munali Hochtief, SEH Engineering ndi ena. Gawo loyamba, lomwe linkayembekezeka mu 2020, linachedwa ndi zaka zoposa zitatu. Tikakumbukira kuti mlatho wakale unafera m'zowotcherera, sizodabwitsa kuti mkangano wa watsopano unagweranso pomwepo.

Watsopanoyo ndi milatho iwiri yoima payokhapayokha, uliwonse ndi nsanja zake ndi zingwe zake. Woyamba, womwe unatsegulidwa mu 2024, pakadali pano ukunyamula magalimoto a mbali zonse pamizere yopanikizana, malole omwe. Wachiwiri ukumangidwa pamalo pomwe panali wakale, ndipo poyamba unkayembekezeka kutha kumapeto kwa 2027. Phunziro la mu 1965 lalowa m'kamangidwe: umodzi ukadzafuna kukonzedwa, magalimoto adzasamukira pa unzake. Wakalewo sakanauphulitsa, poti pansi pali sitima ndipo pambali pali mlatho watsopano. Anachita kuuphwasula chidutswachidutswa, mobwerera m'mbuyo momwe unamangidwira.

Amalipira ndani?

Misewu ya Autobahn ndi ya boma lalikulu la ku Berlin, koma kwa zaka zambiri inkayendetsedwa ndi zigawo 16 za dzikolo, chilichonse ndi ofesi yake. Kuyambira Januwale 2021 ntchito yonse ili m'manja mwa kampani imodzi ya boma, Autobahn GmbH. Malole amalipira msonkho wa pamsewu kuyambira 2005, ndipo palibe zipata zoimapo: kamakina ka m'lole kamawerenga mtunda kudzera pa setilaiti. Poyamba unkakhudza malole a matani 12 kupita m'mwamba. Kuyambira Julayi 2024 umayambira pa oposa matani 3.5. Magalimoto ang'onoang'ono salipira.

Nanga ndalamazo zinalipo, bwanji milatho inafika pamenepa? Akatswiri amatchula zinthu zingapo. Dziko litagwirizananso mu 1990, chuma chambiri chomangira chinapita kum'mawa, komwe misewu inali yotsalira, pomwe milatho ya kumadzulo, yomangidwa pakati pa 1960 ndi 1985, inkakalamba yonse nthawi imodzi. Mu 2009 dzikolo linalemba m'malamulo ake aakulu malire okhwima a ngongole za boma. Oikira kumbuyo malirewo amati amateteza mibadwo yam'tsogolo ku ngongole. Otsutsa amati mlatho wosakonzedwa ndi ngongolenso, yongoti siinalembedwe m'buku. Palinso chizolowezi cha andale a kulikonse: kudula riboni ya msewu watsopano kumaoneka pa TV, kupenta kunsi kwa mlatho sikuoneka.

Leverkusen si yokha. Ku Duisburg mlatho wa A40 wa mu 1970, wofanana kamangidwe, unadwala nthenda yomweyi ndipo gawo loyamba la wolowa m'malo mwake linatsegulidwa mu 2023. Mlatho wa Rahmede pamsewu wa A45 unatsekedwa kwa magalimoto onse mu Disembala 2021 n'kuphulitsidwa mu Meyi 2023, ndipo anthu a m'tauni ya Lüdenscheid anakhala zaka akumva malole akudutsa pakhomo pawo. Mu 2022 unduna wa zamtengatenga, pansi pa nduna Volker Wissing, unalengeza kuti milatho pafupifupi 4,000 ya pa Autobahn ikonzedwe kapena kumangidwanso m'zaka pafupifupi 10. Mu Malichi 2025 nyumba ya malamulo inavomereza thumba lapadera la mayuro 500 biliyoni la zomangamanga ndi zanyengo, la zaka 12.

Zomwe sizinayankhidwebe

Mkangano wa boma ndi kontirakitala woyamba uja ndi wa ndalama zambiri, mbali iliyonse ikufuna kulipidwa ndi inzake. Kupatula funso la wolakwa, nkhaniyi yasiya funso lina: pogula ntchito ya boma, mtengo wotsika upatsidwe kulemera kotani poyerekeza ndi kuthekera koyang'anira zitsulo pomwe zikupangidwira?

Mu Leverkusen momwemo nkhondo ya msewu siinathe. Ikachoka pamlatho, A1 imadutsa pakati pa mzinda ili pamwamba pa mizati, pafupi ndi bwalo la mpira lija, ndipo gawo limenelonso latha. Khonsolo ya mzinda ndi anthu ambiri akufuna lilowe pansi pa nthaka kuti phokoso ndi utsi zichepe. Boma lalikulu linasankha kukulitsa wa pamwamba womwewo, ponena za mtengo ndi nthawi. Pansi pa mkanganowu pali funso lomwe akatswiri a zamtengatenga sagwirizana: kodi kuwonjezera mizere kumathetsa kudzadzana kwa magalimoto, kapena kumangoitana ena?

Ambiri amavomereza kuti katundu wochuluka asamukire pasitima zapanjanji ndi zapamadzi. Koma njanji za ku Germany nazonso zili ndi milatho yokalamba, ndipo mu 2018 ndi 2022 madzi a Rhine anaphwa kwambiri moti sitima zinkanyamula katundu wochepa kuti zisakhudze pansi. Malole amagetsi akubwera, ndipo mabatire awo ndi olemera. Ngati malire a kulemera akwezedwa kuti awalole, mawerengero a ekiselo aja adzagwira ntchito pa milatho yomwe isanakonzedwe.

Za milatho 4,000 ija, ofesi yowerengera chuma cha boma yanena kangapo kuti ntchito ikuyenda pang'onopang'ono kuposa momwe analonjezera. Ndalama zikhoza kupezeka ndi voti imodzi, koma injiniya woyendera milatho kapena wowotcherera waluso amatenga zaka kuti aphunzire, ndipo makampani otha kumanga mlatho wa pa Rhine ndi owerengeka. Sizikudziwikanso kuti thumba lapadera lija likadzatha, ndalama zosamalira milatho yatsopanoyi chaka ndi chaka zidzachokera kuti.

Funso lovuta kwambiri labwera ndi Dresden. Ming'alu ya ku Leverkusen inali pachitsulo choonekera, pomwe munthu wa tochi ndi hamala angaipeze. Mlatho wa Carola unali wa konkire, ndipo ofufuza anapeza kuti mawaya achitsulo okokedwa omwe anakwiriridwa m'kati mwake anayamba kuwonongeka ndi chinyezi panthawi yomanga, zaka zoposa 50 zapitazo, n'kumaduka mmodzimmodzi osaoneka kunja. Milatho ya konkire yotere ndi yochuluka kuposa yachitsulo. Tsopano pena akuika timakina tomvetsera kulira kwa waya akamaduka m'kati mwa konkire, koma kuti timakinato tiikidwe pa milatho iti, komanso kuti mlatho utsekedwe pakaduka mawaya angati, mainjiniya ndi akuluakulu a misewu akukambiranabe.